Ukwati wa ku Balaka Tinauonera ku Vosloorus

Ndinanyamuka ku Tembisa Loweruka cha m'ma 6 koloko m'mawa, kukuzizira moti zala zimakana kutseka zipi. M'chikwama munali laputopu yakale imene anandipatsa adona a ku Kempton Park, kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Munalinso kachipangizo kotalika ngati chala, kamene ukakalowetsa kumbuyo kwa TV, zonse za pa laputopu zimaoneka pa TV popanda chingwe. Ndinakazolowera poikira ana a adonawo makatuni.

Ndimapita ku Vosloorus kwa amalume anga, a Kamwendo. Tsiku limenelo mwana wawo yekhayo wamkazi, Chisomo, amakwatiwa ku Balaka. Amalumewo suti anali atagula kale, koma anagwa pa makwerero ku ntchito yawo yomanga n'kuthyoka mwendo, ndipo ndi pulasitala masiku awiri a m'basi sakanatheka. Achimwene anga kumudzi analonjeza kujambula mwambo wonse ndi foni kuti ife tizionera nthawi yomweyo.

"Koma pa kafoni aka, Esinati, ndimuona bwanji mwana wanga? Maso anatha awa," anatero amalume atandiimbira Lachinayi.

Tekisi ya ku Germiston inali marandi 30, ndipo inadzaza msanga. Ndinakhala mpando wa kumbuyo nditakumbatira chikwama pachifuwa. Gogo wina amene ndinayandikana naye anandiyang'ana kwa nthawi, kenako anafunsa m'Chizulu ngati ndanyamula golide. Nditamufotokozera m'Chizulu changa chothyokathyoka, anagwedeza mutu n'kunena kuti ukwati woonera pa TV ndiye wabwino, chifukwa alendo ake satha nyama.

Ku Germiston ndinafika 8 koloko isanakwane. Ndinagula tiyi ndi magwinya awiri, mandasi akuno aja onona mafuta, n'kukwera tekisi ya ku Vosloorus ya marandi 22. Apa ndiye panavuta. Panatsala mpando umodzi, ndipo dalaivala anali panja akupukuta matayala mosadera nkhawa. Ukwati umayamba 10 koloko. Patapita mphindi pafupifupi makumi anayi panatulukira bambo wina atanyamula chidebe cha penti, tonse tinamupatsa malo ngati m'bale wathu.

Tinadutsa milu yachikasu ya dothi la m'migodi yakale, kenako tinalowa msewu waukulu, dalaivala uja n'kuyamba kuthamanga ngati wachedwa ndi iyeyo. Ndinatsika itadutsa pang'ono 9 koloko.

Amalume amachita lendi chipinda kuseri kwa nyumba ya Mayi Dlamini. Ndinawapeza atavala suti ija, mwendo umodzi wa thalauza atausomola kuti pulasitala ilowe. M'chipindamo munali Amalawi anzathu asanu ndi atatu, ena pa bedi, ena pa mabokosi.

Ndinalowetsa kachipangizo kaja, n'kulumikiza laputopu ndi TV ku wayifayi imodzi, ya eni nyumba, imene ochita lendi onse amagwiritsa ntchito. Tchalitchi cha ku Balaka chinaonekera, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako chithunzi chinauma, pakati n'kutsala kabwalo kozungulira.

"Kodi kumudzi magetsi azima?" anafunsa amalume.

"Ayi, amalume, vuto lili kwathu kuno. Netiweki ikufika yofooka."

Ndinakagogoda kwa Mayi Dlamini kufunsa komwe kuli rauta, kabokosi kamene kamamwaza wayifayi. Ananditengera kukhitchini n'kutsegula kabati ya pansi. Rauta inali mmenemo, kumbuyo kwa mapoto, itafundidwa kansalu koyera. Anati amaiteteza ku fumbi. Ndinawapempha mwaulemu kuti tiiike pamwamba, pa zenera loyang'ana kuseri, chifukwa makoma ndi zitsulo zimatchinga netiweki. Anavomera, koma anati nawonso abwera kudzaona mkwatibwi.

Chithunzi chinabwerera, koma chimadukaduka. Kwaya imaimba mawu awiri n'kuima kukamwa kuli yasa. Nditatembenuka ndinaona kuti pafupifupi aliyense wagwira foni, ena akuonera ukwati womwewo, pa wayifayi yomweyo.

"Abale, chonde tizimitse wayifayi m'mafoni athu. Tikulimbirana chitsime chimodzi."

Onse anazimitsa kupatula a Jafali, ogulitsa nsapato ochokera ku Mangochi, amene amatsatira za mpira mobisa. Amalume anangowayang'ana, iwo n'kuika foni m'thumba.

Pamenepo zinayenda bwino. Chisomo analowa m'tchalitchi atagwira mkono wa amalume aang'ono, amene anaimirira m'malo mwa bambo ake. Nkhope ya mkwatibwiyo inadzaza TV yonse. Abusa atafunsa kuti ndani akupereka mwanayu, amalume anagwira ndodo zawo, n'kuimirira movutikira, n'kukonza tayi.

"Ndine," anatero chapansipansi.

Mayi Dlamini samva Chichewa, koma ndi amene anayamba kupukuta misozi. Kenako azimayi anaimba nthungululu mpaka oyandikana nawo anasuzumira pa mpanda. Pa phwando, achimwene atatiimbira pa vidiyo, mkwatibwi anatenga foni ija n'kufunsa, "Adadi, mukundiona?" Amalume anayankha kuti akumuona yense, ndipo ndolo ya kumanzere yapendekeka. Anaikonza akuseka.

Tinadya mpunga ndi nkhuku, ndipo 3 koloko ndinayamba ulendo wobwerera, kudzeranso ku Germiston. M'tekisi ndimangoganiza kuti sabata yonse ndimada nkhawa ndi mtunda wa pakati pa Balaka ndi Joni, pamene chimene chikanatilepheretsa chinali chitseko cha kabati ndi mapoto anayi. Nditatsika ku Tembisa ndinapeza uthenga wa amalume: "Wafika bwino? Ine suti sindinavulebe."