Munandiphera hita pa kauntala, nsomba zanga zikufa ndi chisanu

Inu a duka la zamagetsi pafupi ndi depoti ya pa Boma, mundiyankhe. Hita ya nsomba imayesedwa pouma ngati babu?

Abale, imvani. Ine ndili ndi nsomba za m'galasi pabalaza panga. Osati za ndiwo ayi. Zofiira, michira ngati nsalu. Anandibweretsera mwana wanga Tumpale, uja ndi namwino ku Karonga. Kuchokera kwathu mpaka ku Kaseye palibe nyumba ina ili nazo. Anthu akaweruka kutchalitchi amakhotera kwanga kudzaona.

Koma nsomba izi n'za kotentha. Chisanu cha Juni chitayamba zinasiya kudya. Zangokhala pansi, zipsepse zopinda. Tumpale pa foni akuti, "Adada, madzi azizira. Gulani hita ya nsomba. Imafunditsa madzi, akafunda imazima yokha."

Ndinapita kudukako. Akuti alibe, aitanitsa ku Tunduma, kutsidya kwa malire. Masabata awiri ndili pa kabaza, kupita, kubwerera, ngati ndikufunsira mbeta. Lachiwiri lapitali m'ma teni koloko, yafika. Imodzi yokha. Kachubu kagalasi, kutalika ngati mzimbe wa mfundo ziwiri.

Wogulitsa, bambo wamkulu ndithu wa ndevu zake, akuti, "Mzee, pano chilichonse timayesa mwini wake akuona." Wailumikiza ku magetsi pa kauntala pomwepo. Popanda ngakhale dontho la madzi. Kagetsi kofiira kayaka.

Akuti, "Gwirani mumve."

Ndagwira. Chala kupsa.

Iye kuseka. "Mwaona? Si feki iyi."

Foni yake yalira. Wayamba za mitengo ya mawaya m'Chiswahili, hita ili chiyakire mpaka kununkha. Pofuna kuikulunga, yamuotcha. Ndiye waiviika mu ndowa ya madzi okolopera. Ndamva ndi makutu angawa: thee!

Ndati, "Chalira n'chiyani?"

Akuti, "Ndi mmene imazimira yokha, adada."

Ndalipira, ndapita. Kunyumba ndaimiza m'madzi bwinobwino, ndayatsa. Magetsi a nyumba yonse kuthima. Kuitulutsa, mkati mwa chubu mwadzaza madzi, mng'alu kuchokera pansi mpaka pakati. Nanga ndikanapisamo dzanja? Bwenzi pano mukufunsana za tsiku la maliro.

Ndaimbira Tumpale. Akuti iyo siyatsidwa kunja kwa madzi, ndione pabokosi. Zoonadi, chithunzi cha hita yoyaka pouma chilipo, anachita kudula ndi mzere wofiira. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo bokosi ndinalilandira lokulunga kale. Nanga iwe wogulitsa, ntchito yako ndi ndevu basi?

Lachitatu m'mawa ndabwerera.

Wandevu uja akuti, "Mwawuka uli, adada?"

Ndati, "Moni sunga. Ona ichi."

Wayang'ana, wandikankhira. "Katundu woyesedwa sabwezedwa. Munagwira nokha, inatentha."

Ndati, "Anaiviika mu ndowa ndani?"

Akuti sakukumbuka. Ndowa ili pamapazi pakepo! Eni duka ali kuti? Ku Tunduma. Abwera liti? Katundu akakwana. Nambala yawo? Sapereka.

Kenako akundifunsa ine, "Koma mdala, nsomba za mumtsinje wa Songwe amaziothetsa moto ndani?" M'duka monse phwete. Wina wogula mabatire akuti, "Zikazingeni zisanaonde." Ine, munthu wa imvi, ana anga onse ophunzira, kusanduka sewero la anthu ogula mabatire?

Ziwiri zafa kale. Zatsala zinayi, ndipo ina ili ndi mimba, paja mtundu uwu umabereka ana amoyo. Pano ndikulemba uku ketulo ili pa mbaula. Ndimathira madzi ofunda m'mabotolo, kutseka, kuyandamitsa m'galasimo. Akazizira, kusintha. Galasi ndalifunditsa bulangeti la amayi a kunyumba, moti sakundiyankhula. Chimanga chili kumunda chosakolola. Ndikangotuluka pang'ono, mtima uli pa madzi. Ndikapisa chala, sindidziwa ngati afunda mokwanira kapena ndawonjeza. Ntchito imene kachubu kaja kakanagwira kokha ndikugwira ine ndi maondo owawa.

Eni duka, ndikudziwa wina akuwerengerani izi. Kuyesa kwanu kumateteza ndani, wogula kapena inu? Munthu wanu akaswa katundu ndi manja ake, mlandu ukhale wanga chifukwa ndinagwira?

Inu a ku Misuku kumene chisanu chimaluma kuposa kuno, mukagula hita yotere musalole aiyatse pouma. Auzeni atunge madzi kaye.

Ndipo inu a duka, sindikufuna pepani. Ndikufuna hita ina yamoyo. Loweruka mukamatsegula mundipeza pakhomo, nsomba zotsalazo zili mu ndowa, mabotolo ali m'thumba. Ndidzaziika pa kauntala panupo. Madzi muzifunditsa ndinu mpaka ya ku Tunduma ifike. Yamimbayo ikafuna kufa, ifere pamaso pa makasitomala anu.