Timabuku ta Mayi Jailosi

Mayi Enid Jailosi anabadwira kutsidya kwa nyanja, m'banja la Chiangilikani lolima chinangwa ndi kupha usipa. Anaphunzira uphunzitsi n'kukwatiwa, koma mwamuna wawo anamira ndi bwato banja lisanaone mwana. Maliro atatha, anawatumiza kukaphunzitsa Sitandade 1 pa sukulu ina pafupi ndi Chiponde. Munali m'zaka za m'ma 1980, pamene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki ankalowa pamalirepo ndi mitolo kumutu.

Ana ambiri m'kalasi mwawo ankangodziwa Chiyao. Buku lowerenga linali la Chichewa, ndipo ana a m'zithunzi zake anali ovala nsapato. Anawo ankabwereza mawu mokweza pambuyo pa aphunzitsi, koma akafunsidwa tanthauzo ankangozolika. Mtsikana wina, Mwanamvua, amene anabwera ndi mayi ake okha kuchokera ku Mozambiki, anatha teremu yonse osatsegula pakamwa.

Mayi Jailosi Chiyao anakula nacho. Loweruka lina anadula mapepala a matumba a simenti, anawasoka ndi ulusi, n'kulembamo kankhani m'Chiyao ka mtsikana wowoloka malire atanyamula nkhuku m'dengu. Zithunzi anajambula ndi makala, moti nkhukuyo inaoneka ngati bakha. Atawerenga Lolemba kalasi yonse inaseka, ndipo Mwanamvua anakweza dzanja. Anati iye sananyamule nkhuku, ankakoka mbuzi, ndipo inadula chingwe panjira.

Sabata yotsatira kunabwera kabuku ka mbuzi. Kuyambira pamenepo ana ankawatsatira mpaka pakhonde ndi nkhani zawo, wina ya njinga ya bambo ake yonyamula mchere, wina ya tsiku limene anagona tulo ku madarasa. Iwo ankalemba monga mmene mwana wanenera, osakonza zambiri.

Tsiku lina ahedi, a Davide, anawaitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Sanakalipe. Anati munthu wina wakanena kwa akuluakulu a chipani kuti pasukulupo pakuphunzitsidwa zogawanitsa anthu, ndiponso za nkhondo ya eni ake.

"Amayi, ine ndili ndi ana oti ndilere," anatero ahediwo chapansipansi. "Chonde, timabukuto tisaonekenso m'kalasi."

Palibe amene anabwera kudzawamanga. Koma nthawi yopuma aphunzitsi anzawo anayamba kumwera tiyi kwina, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana, amene ankadzapala moto m'mawa uliwonse, anapeza khomo lina. Ana akafika pakhonde, Mayi Jailosi eni ake ankawabweza. Chaka chitatha anawasamutsira ku sukulu ina cha ku Nkopola. Lole yodzawasamutsa inabwera patchuthi, choncho sanatsanzikane ndi mwana aliyense.

Ku Nkopola anaphunzitsa zimene zinali m'buku basi. Anthu ankawadziwa ngati mphunzitsi wofatsa wokhala yekha, amene ankagula nsomba zokwanira munthu mmodzi ndipo ku tchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo.

M'chaka cha 1992 kunafika mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Celestina, amene ankafufuza za mabuku a ana. Anati za timabukuto anamva kwa msuweni wake wogwira ntchito pamalire. Mayi Jailosi anayamba amufunsa kaye amene wamutuma, anamufunsanso kachiwiri, kenaka anakoka sutikesi kunsi kwa bedi. Tambiri tinali titadyedwa ndi chiswe. Celestina anatsegula totsalato mosamala, n'kupepesa kuti iye Chiyao sachidziwa. Ananenanso mosabisa kuti kafukufuku wake ndi wa mabuku osindikizidwa, okhala ndi chaka ndi dzina la wolemba, ndiye sankadziwa poika timeneti, koma akafunsa aphunzitsi ake.

"Ndiwerengereni kamodzi kokha, amayi, ndingomva mmene kamamvekera," anapempha.

Mayi Jailosi anasankha kabuku ka mwana woopa kuwoloka mlatho wa mitengo. Poyamba ankawerenga pang'onopang'ono, chifukwa panali patapita zaka osatiwerenga mokweza, koma pofika pakati anali akusintha mawu ngati ali m'kalasi. Celestina anafunsa dzina loti alembe ngati mwini nkhani. Iwo anati ndi ya mnyamata wotchedwa Sumani, koma dzina la bambo ake analiiwala, ndipo anamva kuti banjalo linabwerera ku Mozambiki.

Anamuperekeza kumsewu ndipo anaima naye mpaka basi ya ku Mangochi inafika. Celestina analonjeza kuti abweranso ndi mnzake wodziwa Chiyao.

Sanabwerenso. Mayi Jailosi sanamuimbe mlandu, ankangoti mwina aphunzitsi ake anakana. Atapuma pantchito anabwerera kwawo kutsidya, kumene mlongo wawo anawamangira kanyumba kuseri kwa yake. Ana a pakhomopo ankawadziwa ngati azakhali osakonda kulankhula, amene Loweruka lililonse ankapita okha kukasesa m'tchalitchi.