Ramu Yanga ya Kadontho Kofiira

Ndikulemba izi mlomo uli wotupa, dzino limodzi likugwedera, ndipo sindipepesa munthu. Inu amene mumagula zida za kompyuta muno mu Bindura, ku Zimbabwe kuno, werengani musanalowe mu shopu ya chitseko chobiriwira ija, ya mkulu wovala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ine ndizingomutchula kuti Tayi.

Ntchito yanga ndi kujambula ndi kukonza mavidiyo: maukwati, maliro, makwaya. Sukulu ndinalekera Fomu 2, koma kompyuta yanga ndinaimanga ndekha kwathu ku komboni ya Chiwaridzo, chida chimodzichimodzi. Purosesa yake, ubongo wa kompyutayo, ndi yakale, ndiye ndinaiovakiloka, ndiko kuti ndimaithamangitsa kuposa liwiro limene inabwera nalo. Chimene chimandibweza m'mbuyo chinali ramu, kachida kamene kompyuta imasungamo ntchito imene ikugwira nthawi yomweyo. Ndinali ndi maramu awiri a magiga 8, abwinobwino ndithu, kungoti vidiyo ikatalika amapuma wefuwefu. Onse awiri ndinawadontheza kyuteksi wofiira wa mchemwali wanga pakona. Amene munakhalapo nyumba imodzi ndi maloja, alendi anzanu, mukudziwa: chako umachiika chizindikiro, ngakhale supuni.

Sabata yatha kunali kuvundukula chiliza cha malemu aBanda, amene anakalambira mu mgodi. Mwana wa mlongo wawo, Mayi Nabanda, anachokera ku Dedza. Mayi awo, mlongo wa malemuwo, ndi okalamba, ulendo sangauthe. Anaonana komaliza ndi mchimwene wawoyo ali mnyamata, akunyamuka kudzafuna ntchito kuno. Mayi Nabanda anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mwanangu, ujambule zonse. Amayi aone pamene agona achimwene awo, amvenso nyimbo. Basi ndikwera Loweruka.”

Ndinajambula tsiku lonse. Vidiyo yaikulu chonchi maramu anga akanavutika nayo, ndiye Lachiwiri ndinakwera kombi kupita kwa Tayi kukachita swapu ndi topu. Mukudziwa mmene timachitira kuno: umasiya chako chakale, n'kuwonjezera kangachepe, n'kutenga chabwinoko. Ndinamuuza momveka bwino.

“Mukoma, ndikufuna awiri ofanana, a paketi imodzi, magiga 16 aliyense, othamanga 3200. Kompyuta yanga ndi yoovakiloka, zosakaniza imakana.”

Anatulutsa awiri ovala zitsulo zakuda zonyezimira. Akuti awa ndi amene amalimbirana anyamata a magemu ku Harare. Akuti ndisiye anga aja, ndiwonjezere madola 40. Ndinati tiwayese kaye pompano. Akuti, “Magetsi aenda, shamwari.” Magetsi athima? Fani ya kudenga ikuzungulira pamutu pake penipeni! Imayenda ndi chiyani, mzimu wa agogo ake? Koma analumbira pali ana ake kuti akavuta ndibwere nawo. Munthu akatchula ana umatani? Ndinapereka.

Kunyumba ndinawalowetsa bwinobwino mpaka kumva kuti ke! Kuyatsa, kuika liwiro la 3200, sikirini yonse yabuluu, chizindikiro choti kompyuta yakomoka. Ndinatsitsa liwiro. Yabuluu. Ndinabweza purosesa pa liwiro la kufakitale, ngati kompyuta ya mu ofesi. Inayaka, ndinatsegula vidiyo, abusa atangoyamba pemphero, yabuluunso. Ndinayesa imodziimodzi, m'bowo ili, m'bowo ilo. Ina imayaka n'kufa, inayo osayaka n'komwe.

Apo ndi pamene ndinatenga sikuludiraiva n'kukanganula zitsulo zonyezimira zija. Abale anga. Zinamatidwa ndi guluu wa nsapato! M'kati muli maramu awiri osiyana ngati mbuzi ndi galu. Ina yobiriwira, ya kompyuta yakalekale, pepala lake likuti 2133. Inayo yakuda, yopsa mbali imodzi, fungo lake ngati waya wa mbaula. Anatola zinyalala n'kuziveka suti.

Lachinayi m'mawa ndinali pa chitseko chake. Ndinaponya maramu aja pa kauntala.

“Ichi n'chiyani, mukoma?”

Osayang'ana n'komwe. Akuti, “Hazvidzoki.” Chogulidwa sichibwerera. Akuti ndawaotcha ndekha ndi kuovakiloka kwangako, ndiponso poti ndachotsa zitsulo, iye sakuwadziwa. Ndinafunsa ngati kuovakiloka kumaberekanso guluu wa nsapato. Anaseka. Ndinati chabwino, madola 40 adye, angondibwezera maramu anga akale, ndili ndi ntchito ya maliro. Akuti anagulidwa dzulo ndi munthu wa ku Shamva, dzina sakulidziwa.

Ndiye maso anga anagwera pa kompyuta yake ya pa kauntala, ija ya galasi m'mbali, imene amaonetsera makasitomala. Inali yoyaka, ikuimba nyimbo. M'kati mwake, timadontho tiwiri tofiira tikundiyang'ana.

“Shamva ndi muno? Shamva yalowa m'bokosi ili?”

Nkhope yake inasintha. Anayamba kukuwa kuti maramu onse amafanana. Ndinati kyuteksi wa mchemwali wanga amafanananso ndi wa ndani? Apo ndi pamene anatulutsa mawu aja amatinyoza nawo ife a makolo a ku Malawi. Akuti, “Imi maBhurandaya munonetsa, dzokerai kwenyu.” Tibwerere kwathu? Ine mchombo wanga uli ku komboni ya mgodi uno. Bambo anga anasiya mapapo awo pansi pa nthaka imene iye amapondapo ndi nsapato zosongoka. Ndibwerere kuti?

Mutu unatentha. Ndinamukoka tayi ija mpaka chibwano chinamenya kauntala. Ndinazula waya wa magetsi kukhoma, nyimbo zii. Galasi ndinaliswa ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, phwaa! Ndinatsegula tokanikizira, ramu yoyamba m'thumba. Ndikugwira yachiwiri, mlonda wake, chimunthu cha jombo, anandimenya ndodo pakamwa. Ndinaona nyenyezi masana. Ramu inagwa pansi. Ndinamupatsa mutu pamphuno, naye anakhala pansi ngati thumba la fetereza, koma podzuka jombo yake inaponda ramu yanga. Thyo! Pakati penipeni. Kulira kwake ndikukumvabe kuposa kupweteka kwa dzino.

Anthu anadzaza pakhomo. Tayi akukuwa kuti aitana apolisi. Ndinati itanani, ndiwaonetse guluu. Mpaka lero sanabwere. Mayi wina wogulitsa tomato panja anandipatsa kansalu kopukutira magazi, n'kundinong'oneza kuti, “Mwanangu, si iwe woyamba kutuluka muno ukulira.” Ndiye mumadziwa? Tauni yonse imadziwa, n'kumangoonerera?

Ndinabwerera ku Chiwaridzo ndi ramu imodzi ya magiga 8. Vidiyo yonse inakana kunyamula, pulogalamu imangodzitsekera. Ndinayenera kudula kuti ithe basi isananyamuke. Ndinasiyamo pemphero, kuvundukula nsalu, dzina la pa mwala ndi nkhope za ana. Zina zonse kunja.

Loweruka ndinakawapeza Mayi Nabanda pa renki ya mabasi, katundu ali kale pamwamba. Ndinawapatsa fulashi ya vidiyoyo. Anaonera pa foni yanga, akupukuta misozi ndi chitenje. Itatha anandiyang'ana.

“Nanga nyimbo ija anaimba madala anzawo a kumgodi? Ija ya kwathu ija? Ndinawauza kale amayi pafoni kuti akaimva.”

Ndinati ilipo, mayi, ndidzaitumiza ndikakonza makina. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Akuti kumudziko foni yoonera mavidiyo kulibe, anapangana ndi aphunzitsi kuti adzabwereke TV tsiku limodzi, abale onse asonkhane. Akuti, “Ndipo amayi mmene alilimu, sitidziwa.” Sanandikalipire. Bola akanandimenya mbama. Anangoti zikomo mwanangu, ukaike mchere pa mlomopo, n'kukwera basi.

Ndiye iwe Tayi, ndikudziwa kuti anthu adzakuwerengera izi. Galasi lako ndilipira tsiku limene udzaike pa kauntala maramu awiri enieni a 3200, tiwayese pamaso pa anthu, fani yako ikuzungulira. Undiuzenso kuti ndi angati unawagulitsa guluu. Zidutswa za ramu yanga ndasunga. Lolemba ndikubwera nazo, ndipo sindibwera ndekha. Ana aamuna a aBanda atatu akutuluka shifiti m'mawa, ndipo akufuna uwafotokozere wekha chifukwa chimene azakhali awo sadzamva nyimbo ya pa manda a bambo awo. Uvale tayi yolimba.

Enanu, pa swapu ndi topu musasiye chanu chisanayake chawo. Akati magetsi athima, yang'anani kudenga.