Kagemu ka Njerwa ka Ababa

Ababa anayamba ndi kuiwala zazing'ono. Ankafunafuna chipewa chili kumutu, ankathira shuga kawiri m'tiyi, ife n'kumaseka, iwonso n'kumaseka nafe. Kuseka kunatha tsiku limene anapita kukagula sopo pa Mbulumbuzi n'kubwera atakwezedwa pa njinga ndi munthu wachilendo. Anawapeza ataima pamphambano, akufunsa njira ya kumudzi umene anakhalamo kuyambira ine ndisanabadwe. Amayi anali atamwalira kale. Ine ndinkagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe, ndipo amene ankakhala nawo pakhomo anali mng'ono wanga ndi ana ake.

Chimene ndinkaopa chinali chimodzi: kuti tsiku lina ndidzafika pakhomo, ababa n'kusandidziwa. Ine ndine chisamba chawo. Mudzi wonse unkawaitana ndi dzina langa, abambo ake a uje, mwakuti dzina lawo lenileni ambiri analiiwala. Ndinkadziuza kuti ataiwala sopo, njira, ngakhale tsiku la tchalitchi, ine ndikhoza kupirira, koma asaiwale mwana amene anawapatsa dzina.

Kuchipatala anatiuza kuti ndi ukalamba, mankhwala ake palibe. Anangoti tizicheza nawo kwambiri, tiziwapatsa zochita kuti ubongo uzigwira ntchito. Mawu amenewo ndinabwerera nawo ku Limbe, ndipo venda wina amene ankayala mawotchi ndi mabatire pakhonde la sitolo yathu anawanunkhiza msanga. Anandionetsa kagemu kotuwa, kakakulu ngati chikhatho, kokhala ndi kagalasi ndi timabatani tachikasu. Anandilumbirira kuti kunja azungu okalamba amasewera kameneka kuti mutu usachite dzimbiri. Ine amene sindikhulupirira venda ngakhale akundiuza kuti lero ndi Lachiwiri, ndinagula osanenerera n'komwe.

Kasewero kake kanali kosavuta kumvetsa. Pagalasipo pankagwa tinjerwa kuchokera kumwamba, tina taliatali, tina topindika, ndipo wosewera ankatitembenuza ndi mabatani kuti tikakhale pansi mosasiya mpata. Mzere ukadzaza unkasowa, manambala n'kukwera. Ukachedwa, tinjerwa tinkaunjikana mpaka pamwamba, kagemu n'kulira kanyimbo konyoza.

Ababa anali mmisiri womanga nyumba. Nyumba zambiri za njerwa zootcha m'dera lathu zinadutsa m'manja mwawo, ndipo ankatha kuona khoma lopendeka ali panjinga. Nditawapatsa kagemuko anakakankha, akuti zidole ndi za ana. Ndinakhala pambali pawo pakhonde n'kuyamba kusewera ndekha. Ndinkasewera moipa, osati mwadala, ndimo mmene ndinalili. Anapirira pang'ono akusuzumira, kenako anandilanda.

"Iwe, mpata umenewo wasiyira makoswe?"

Tsiku limenelo ndinabwerera ku Limbe mtima uli mbee. Ndinkaona ngati mankhwala amene achipatala analibe ndawapeza ine pakhonde la sitolo.

Miyezi yotsatira ababa anakazolowera kagemuko mochititsa mantha. Zala zawo zokakala zija, zimene zinkalephera kumanga mabatani a malaya, pakagemu zinkavina. Chinkawakwiyitsa chinali chimodzi chokha, choti ukayala mzere bwinobwino umasowa. Ankadandaula kuti ntchito yotereyi sanaionepo, munthu kumanga tsiku lonse koma khoma osafika ngakhale pawindo. Komabe sankakasiya. Mwezi ukatha ndinkabwera ndi shuga, sopo ndi mabatire, ndipo chimene ndinkayamba kufunsa ndisanakhale n'komwe pansi chinali manambala amene afika.

Mng'ono wanga sankagwirizana nane. Iye ndi munthu wosalankhulalankhula, koma akanena chinthu sachibweza. Anandiuza kuti zinthu zikuipa. Ababa ankafunsa kumene amayi apita, iye akawauza zoona ankalira ngati maliro achitika lero, mawa lake n'kufunsanso, mpaka iye anayamba kumangoyankha kuti apita kuchigayo. Ababa anayambanso kumalankhula Chilomwe cha makolo awo, chimene ife ana sitinachiphunzire bwino, n'kumakwiya tikapanda kuyankha. Ine ndinkamutsutsa. Ndinkamuonetsa manambala n'kumufunsa ngati munthu wosokonezeka mutu angafike pamenepo, pamene iyeyo wamutu wabwino ankagonja asanayale ndi mizere itatu yomwe. Anangondiyankha kuti ine ndimabwera Loweruka n'kubwerera Lamulungu.

Chimene ndinkaopa chija chinachitika nandolo atayamba maluwa. Ndinatsika minibasi pamsewu n'kulowa kanjira kodutsa m'minda, katundu ali pamutu. Zaka zimenezo ndinali nditanenepa, ndipo aliyense ankanena kuti ndatengera anganga, amayi awo a amayi, kuyambira nkhope mpaka kayendedwe kotsamira mbali imodzi. Ndinaona ababa akubwera kutsogolo kwanga, chipewa chili kumutu. Atandiona anaima, kenako anapatuka msangamsanga n'kulowa m'nandolo. Anavula chipewa, n'kunjuta atandifulatira.

Poyamba ndinaganiza kuti akufuna kudzithandiza, ndiye ndinayang'ana kumbali n'kudikira. Nditaona kuti sakusuntha ndinawaitana. Anawomba m'manja pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Dutsani, apongozi. Njira ndi yanu."

Kwathu mwamuna akakwatira amakakhala kumudzi kwa mkazi, ndipo amayi a mkazi wake amawapewa. Sayang'anana nawo m'maso, sakhala nawo pamphasa imodzi, sadya iwo akuona, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka. Achinyamata a masiku ano zimenezi amaziseka, koma ababa anali a kale, ankazisunga mpaka anganga anamwalira. Tsiku limenelo ankazisungira ine. Moyo wanga wonse ankanditi iwe, pondikalipira ndi pondinyadira pomwe. Ulemu wonditi inu umenewo unandilasa kuposa chitonzo chilichonse chimene ndinamvapo.

Ndinadutsa, chifukwa ndikanapanda kudutsa akanakhala m'nandolomo mpaka dzuwa kulowa. Nditafika pakhomo ndinatula katundu n'kukhala pamphasa. Ababa anafika pambuyo pake, anazungulira kuseri kwa nyumba n'kukakhala pachitsa. Anaitana mng'ono wanga n'kumutuma kuti akauze apongozi asade nkhawa, nyumba aimaliza mvula isanagwe, njerwa aumba kale. Nyumba imene ankanenayo inali yomwe ndinali nditakhala pakhonde lake, imene ndinabadwiramo.

Ndinapsa mtima. Sindikudziwa kuti ndinapsera yani, koma ndinanyamuka n'kupita kuseri konko, mng'ono wanga akundiletsa. Ndinagwada patsogolo pawo, n'kuwagwira masaya ndi manja onse awiri kuti andiyang'ane. Ndinawauza dzina langa, ndinawakumbutsa tsiku limene anandibereka kumbuyo kuchokera kusukulu nditabayidwa ndi msomali, ndinawauza kuti ndine mwana wawo. Iwo anatseka maso mwamphamvu. Misozi inkatuluka, akupepesa mobwerezabwereza kuti ngati alakwa awauze mlandu wake. Kwa iwo, apongozi awo anali atawagwira kumaso masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinawasiya, ndipo sindinayesenso.

Madzulo omwewo ndinamva kagemu kakulira kuseri kwa nyumba. Mng'ono wanga anakasuzumira, n'kubwera kudzandiuza mosanyoza kuti manambala a lero aposa onse.

Anthu amandifunsa ngati timagemu totere timathandiza, makamaka tsopano pamene tili m'foni ya aliyense. Ndimawauza zimene ndinaona. Kagemuko kanaphunzitsa ababa kusewera kagemuko, basi. Kanawakhazika pakhonde moti sankasocheranso kawirikawiri, ndipo mng'ono wanga ankapeza mpata wopita kumunda. Zimenezo si zazing'ono ndipo sindikuzinyoza. Koma nzeru zinkatayika mbali ina manambala akukwera mbali ina, ndipo ziwirizi sizinkadziwana.

Chovuta kwambiri chinali chakudya. Ine ndikakhala pakhomo, ababa sankadya. Ankaphimba mbale n'kudikira kuti apongozi achoke. Ndinayesa kubisala m'nyumba, koma akangomva mawu anga ankasamba m'manja. Ndinayesa kuvala diresi la kutawuni, kuvula duku, kusintha kayendedwe, koma sizinathandize. Ndiye nthawi ya chakudya ikakwana ndinkanyamuka kupita kukakhala kwa aneba ngati mlendo, n'kumacheza nkhani zopanda mutu mpaka mng'ono wanga atandikodola. Kenako ndinachepetsa maulendo. Ndinkatumiza katundu ndi anthu a m'minibasi, poona kuti kubwera kwanga ndi njala yawo.

Chaka chotsatira, m'nyengo yozizira, anadwala chibayo n'kugonekedwa kuchipatala cha mishoni. Ndinapempha tchuthi kuntchito kuti ndikawadikirire, popeza mng'ono wanga anali atatopa mpaka kuonda. Nditalowa m'wodi ndi kapu ya phala, ababa anandiona n'kukoka bulangete kudziphimba kumutu. Ankapuma movutikira, koma mphamvu zokokera bulangete anazipeza. Namwino, amene sankadziwa kanthu, anandipempha mwaulemu kuti nditulukeko kaye, odwala akuchita manyazi.

Ndinagwira ntchito zonse zakunja. Ndinkachapa, kuphika kukhitchini ya odikirira odwala, kukatenga mankhwala, chakudya n'kumupatsira mng'ono wanga pakhomo la wodi. Nthawi yotsala ndinkakhala pakhonde pansi pa windo loyandikana ndi bedi lawo, pamene ndinkamva kutsokomola kwawo iwo osandiona. Ndinali ndi chisoni, komanso nsanje yeniyeni ndi mng'ono wanga, amene ankawapukuta pakamwa ngakhale kuti nayenso sankamudziwa dzina.

Tsiku limene anamwalira, m'mawa, mng'ono wanga anatuluka n'kudzanjuta pafupi nane. Anati ababa atsegula maso ndipo afunsa ngati apongozi akadali panja.

"Achemwali, akuti ndikuuzeni kuti zikomo. Akuti anabwera wopanda kanthu, koma mwawasunga bwino pamudzi panu, ndipo mwana wanu sanamuzunze."

Anandifunsa ngati ndikufuna kulowa. Ndinkafuna ndi mtima wanga wonse. Koma ndinadziwa kuti ndikalowa, mpweya wochepa umene unatsala authera pofunafuna bulangete. Ndinamuuza kuti abwerere msanga akawauze kuti apongozi amva, ndipo akuti nyumba anaimanga bwino.