Mapini a Pakamwa pa Azakhali

Azakhali anga ndi telala, ndipo mumsewu wathu wonse ankadziwika kuti ndi munthu wofatsa. Inenso ndinakula ndikukhulupirira zomwezo. Nditasiya sukulu n'kuyamba kuswera kushopu kwawo, m'pamene ndinaona kuti kufatsako kunali kwa mapini. Akamayeza munthu chovala ankaluma mapini pamilomo, timitu take tikusuzumira kunja. Kasitomala anene kuti, "Mundithinitse m'chiunomu," iwo "mmm." Mwini nyumba abwere kudzakalipa za zidutswa za nsalu pakhonde, iwo "mmm." Anayamba zimenezi ali mtsikana, ndipo sanamezepo pini.

Ali ndi mwana wobadwa mochedwa, wa zaka zitatu, amene timangomutchula kuti Kadona. Popeza amapita naye pabasi kokagula nsalu, anamugulira kachitini ka zidole za maginito, timapulasitiki tamakona tofiira ndi tobiriwira timene timamatana tokha. Basi igwedezeke bwanji, nyumba ya Kadona siichoka pachivundikiro cha chitinicho. Kushopu, malo ake omangira ndi pansi pa tebulo lodulirapo nsalu.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wojintcha kudzayesa diresi lokavala paukwati wa mwana wake. Azakhali anagwada n'kumapinda m'munsi mwa diresilo, pakamwa pali mapini okhaokha. Mayiyo ndi amene anasuzumira pansi pa tebulo.

"Atelala, kodi mwanayu akudya chiyani?"

Kapulasitiki kamodzi kanali katang'aluka. Timaginito take tiwiri, tating'ono ngati mabatani a malaya a khanda, Kadona anali atatiluma pamilomo, manja ali kalikiliki kumanga. Ndendende amayi ake! Azakhali analavulira mapini pansi, n'kumukumbatira, n'kumupisa chala m'kamwa. Kanatuluka kamodzi.

"Kena kali kuti? Kadona! Kena kali kuti?"

Mawu aakulu chonchi sindinawamvepo kwa iwo chibadwire. Mpaka ometa tsitsi a kutsidya kwa msewu anatuluka ndi makina m'manja.

Azakhali anathamanga naye osavala nsapato, sizasi imene amaikoloweka m'khosi ndi chingwe ili lendelende. Mayi wa diresi tinamusiya ali chiimire, mapini ali mbwee m'miyendo. Kuchipatala namwino atangomva kuti ndi maginito, sanatiike pamzere.

Pakhomo la chipinda cha ekisire, bambo wojambula anati, "Mayi, ngati mukulowa naye, chotsani zachitsulo zonse."

Azakhali anavula chingwe chija. Bamboyo anaitembenuza sizasiyo, n'kuitokosa ndi chikhadabo. Kamaginito kaja kanali katamatirira pamenepo, chigwereni kuchokera m'kamwa mwa Kadona pomwe ankamukumbatira. Anamujambulabe, ndipo m'mimba munalibe kanthu.

Namwino anawerama. "Iwe kamtsikana, zoika zinthu m'kamwa wakuphunzitsa ndani?"

"Ndimasoka ngati amayi."

Azakhali anangokhala pansi pasimenti pomwepo, anthu akuwalambalala.

Titabwerera, anaunika kapulasitiki kalikonse pawindo, kokayikitsa n'kutaya. Timaginito tiwiri tija anatisokerera m'kansalu kolimba n'kukamanga padzanja lawo. Mapini tsopano amakhala pamenepo, ndipo pakamwa palibenso chotseka. Apa ndiye tinaona zoopsa zenizeni.

Mayi wa diresi atabweranso anati, "Koma m'chiunomu mundithinitseko."

"Chiuno chake chiti, mayi? Ndikathinitsa apa mukakomoka musanavine n'komwe."

Mayiyo anayang'ana ine, ine ndinayang'ana kudenga. Mwini nyumba anauzidwa za bafa lake lodontha, ndipo masiku ano amadzera kuseri. Ine ndinauzidwa kuti miyendo yanga yoyendayendayi ikanakhala yopalasa makina, bwenzi tili ndi fakitale.

Naye Kadona wadzimanga kansanza padzanja. Nyumba ikapendekeka pansi pa tebulo paja, timangomva, "Khoma lake liti limeneli? Imirira bwino!"