Mkuzi Umene Sindinauotche

Chaka chimene tinabatizidwa, mwana wathu woyamba anali asanayambe n'kukwawa komwe. Nkhondo ya azungu inali itangotha. Tinkakhala kwathu, cha ku Nsambe, ndipo amuna anga anali mkamwini wodziwa Baibulo kuposa khasu. Amenewo ndi mawu a mayi anga, ine ndangowabwereza.

Lamulo la mpingo linali lakuti munthu asanalowe m'madzi atulutse zithumwa zake zonse. Anasonkha moto pabwalo la tchalitchi, anthu n'kumaponyamo nyanga, timizu ndi mphinjiri. Ine ndinaponya zanga zonse kupatula chimodzi, mkuzi wa mwana. Mayi ndiwo anaupota, n'kuikapo kamtengo koboola pakati, ndipo anam'manga m'chiuno tsiku lotuluka m'chikuta kuti matenda azimulambalala. Kumasula ndinaumasuladi, koma kuuponya pamoto dzanja linakana. Ndinausokerera mumpendero wa mbereko, poti nanga mwamuna amafufuza chiyani mumbereko?

Mvula itafika pakati, mwana anatentha thupi. M'mawa wa tsiku lachitatu anayamba kuphiriphitha, maso atatembenuka, timanja titauma gwa. Ndinakuwa mpaka anthu anasiya makasu m'minda.

Amuna anga anathamangira akulu a mpingo, ndipo anabwera awiri. Anagwada, anapemphera, anam'sanjika manja, koma mwana osasintha. Kenako wamkulu pa awiriwo anatsegula buku lake n'kutikumbutsa kuti ngakhale Ambuye Yesu atapita kumudzi kwawo sanachite zozizwitsa zambiri, chifukwa anthu akumeneko analibe chikhulupiriro. Atatseka bukulo anandiyang'ana.

"Kodi mayi, m'nyumba muno mulibe chobisika?"

"Mulibe, abambo."

"Mwatsimikiza, eti?"

"Mulibe."

Mbereko inali pamiyendo panga, mwana atagona pomwepo. Ndinachita mantha oti sindinawamvepo chibadwire. Ndinaona kuti ine ndi amene ndatseka njira ya Mulungu ndi kachingwe kosakwana n'mkono womwe.

Mkulu uja anati kupemphera sikuletsa mankhwala, choncho tinanyamuka ulendo wa ku chipatala cha mishoni ku Matandani. Amuna anga anali patsogolo akung'ung'udza nyimbo, ine pambuyo ndi mwana wotentha ngati mbatata yongophula kumene. Mfundo ya mbereko inali pachifuwa panga, ndipo kamtengo kaja kankandidinda pakhungu phazi lililonse. Ndinakumbukira mayi wa m'Malemba amene anachira pongokhudza mpendero wa chovala cha Ambuye. Wanga mpendero unali ndi tchimo.

Pakamtsinje kena madzi anali ofiira, ofika m'mawondo. Ndinatsalira dala. Ndinayamba kumatula ulusi ndi chikhadabo, mtima ukuti taya, madzi apite nazo. Koma mtima womwewo unati, ukataya ndiye Mulungu n'kukhalabe chete, mwana atsala ndi chiyani? Kutaya ndinkaopa, kusunga ndinkaopanso. Ndinaima m'madzimo, ndipo pemphero lokhalo limene linatuluka linali lamwano: "Inu mukudziwa kale chimene chili apa. Ngati n'kulanga langani ine, mwanayu sanasoke kanthu."

"Fulumirani, amake mwana!" anatero amuna anga ali kutsidya.

Ndinawoloka nawo mkuziwo.

Kuchipatala anam'patsa mankhwala owawa amene ankalavula, iwo n'kumam'mwetsabe. Tinakhalako masiku anayi. Tsiku lachitatu anatsegula maso n'kufunafuna bere, ndipo anayamwa mwaukali mpaka ndinamva kuwawa. Ndinalira, koma si chimwemwe chokha chimene chinandiliza.

Titabwerera kumudzi, mkulu uja anatiimiritsa pamaso pa mpingo wonse. Anati onani chozizwitsa, onani zimene Mulungu amachita m'nyumba yoyera, mwa anthu a chikhulupiriro chosagawanika. Amayi analuluta. Ine ndinkangoganiza za banja lija la m'Malemba limene linanama pamaso pa atumwi n'kugwa pomwepo, ndipo ndinayang'ana pansi kuti ndione pamene ndigwere. Sindinagwe. Ndiye ndinaganiza kuti chilango chasungidwira mwana.

Mantha amenewo ndinakhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri. Mwana akangotsokomola, ine ndinkachezera usiku wonse ndikumuyang'ana. Akachedwa kuchitsime ndinkathamangira komweko ngati wamisala, anzanga n'kumandiseka kuti ndimalera dzira. Paguwa akamalalikira za chikhulupiriro chosuntha mapiri, ndinkasuzumira pazenera n'kuona mapiri athu a Neno ali pomwe anali, ndipo ndinkadziwa kuti wolakwa ndine.

Mwanayo atayamba sukulu, mbereko ija inali itasanduka sanza. Tsiku lina masana tikutong'ola chimanga pakhonde ndinatopa nazo. Ndinalowa m'nyumba, ndinatuluka nayo sanzayo, ndinang'amba mpendero uja, n'kuika mkuzi pachikhatho cha amuna anga.

"Ndinanama," ndinatero. "Tsiku lija unali momwemu. Chozizwitsa chimene munkachitira umboni chija sichinali cha nyumba yoyera."

Anautembenuza kawiri, kenako anayang'ana mpendero wong'ambika uja. Ndinkadikira ukali, mwinanso ulendo wa kwa ankhoswe.

"Ulusi wakudawu ndi wanu," anatero. "Woyerawu ndi wanga."

Ndinayang'anitsitsa pansanza paja, ndipo unalipodi ulusi woyera, wosokedwa mokhotakhota ngati wa munthu wosazolowera singano.

"Kuchipatala kuja inu mutapita kukatunga madzi, ndinaona mpendero utamatuka, kamtengo kakusuzumira. Ndinakatulutsa kuti ndikakataye kuseri. Ndinafika nako mpaka kudzala." Anasisita kamtengo kaja ndi chala. "Ndinaopa, amake mwana. Ndinabwerera n'kukapempha singano."

Ndinapsa mtima kwambiri, ndisaname. Zaka zisanu ndi ziwiri munthu ndikuuma ndi mantha ndekha, chonsecho mnzanga wa mphasa imodzi akuuma nawo omwewo! Ndinawafunsa kuti nanga ankaimiriranji pamaso pa anthu n'kumati chozizwitsa.

"Chifukwa chinali chozizwitsa," anayankha. "Anatiyang'ana tonse awiri, amantha ndi abodza, n'kutisiyirabe mwana."

Nthawi yomweyo mwanayo anatulukira kunjira akuchokera kusukulu, miyendo ili mbuu ndi fumbi, akukuwa kuti njala yamupha. Amuna anga anafumbata mkuzi uja msangamsanga, ine ndinadzuka kukamupatsa chakudya.