Makiyi a Mai Pamwamba

Pakoleji ponse panalibe wowatchula dzina lawo lenileni. Ankangoti Mai Pamwamba, chifukwa aliyense wobwera kudzadandaula kuti kompyuta yamukanira ankalandira yankho limodzi: "Yambirani pamwamba, musandiwerengere mzere womaliza."

Anayamba ntchito ngati wotayipa makalata. Digiri analibe, ndipo sankabisa. Makompyuta atabwera anzawo anathawa, koma iwo anakakamira, n'kumadziphunzitsa okha mpaka anapatsidwa makiyi a labu ya masamu. Zaka khumi ndi zisanu makiyiwo ankalendewera pachingwe m'khosi mwawo. Amuna awo ankachita kuseka kuti, "Inetu ndine wachiwiri, mwamuna weniweni ndi labu ija."

Ntchito yawo yaikulu inali kumanga pulogalamu yowerengera masamu ovuta. Pulogalamuyo siibwera yothaitha ayi. Imabwera ngati nsalu yosasoka, ndipo pomangidwa imabwereka zida ku timapulogalamu tina totchedwa malaibulale. Laibulale imodzi ikasemphana ndi inzake, basi, ntchito yonse yaima.

Lolemba lina m'mawa zinaterodi. Ophunzira makumi anayi anali ndi mayeso Lachisanu, koma pulogalamu inakana kumangika. Sikirini inangodzaza mizere yofiira. Abwana a dipatimenti anabwera ndi mphunzitsi wina watsopano, dotolo wa zamaphunziro wa tayi wonyezimira, amene anali asanathe ndi chaka chomwe pakolejipo. Dotoloyo anasuzumira mzere womaliza n'kupukusa mutu.

"Makinawa ndi akale," anatero, "owasamalanso ndi akale. Tifufute zonse, tiyambe chatsopano."

Abwana anakanda m'mutu. "Mai, mawa mupereke makiyi kwa adotolo. Inu mukathandize kuchipinda cha fotokope."

Fotokope! Abale, munthu wa zaka khumi ndi zisanu m'labu azikaima n'kumatembenuza mapepala? Mai Pamwamba zinawapweteka, koma misozi anaibweza.

"Mwati mawa, bwana? Ndiye lero ndi anga. Tulukani, mukunditchinga kuwala."

Anakoka mpando, n'kuyamba kukwera mizere ija umodziumodzi, monga ankafufuzira cholakwa m'kalata kale lija. Iwo ankadziwa kuti mzere womaliza umangolira maliro, wopha munthu amakhala pamwamba. Atadutsa mizere mazana asanu ndi atatu anachipeza. Laibulale imodzi inalimo kawiri: yakale ili pamalo pake, ina yatsopano itabisala m'foda ina. Pulogalamu inkatenga miyezo kwa yatsopano, n'kumasokera pa yakale. Ingakwane bwanji?

Anailozera ku yakale yokha, n'kuyambitsanso. Inayenda mphindi makumi awiri, n'kugwanso. Kani yatsopano ija inali itakokanso inzake ina! "Iwe, sunandidziwe," anaiuza kompyuta, akumwa tiyi wozizira kale. Sanafufute kalikonse. Anatsegula foda yoyera, namanga malaibulale atatu mmenemo, iliyonse pambuyo pa inzake, n'kuiuza pulogalamu kuti isayang'anenso kwina. Cha m'ma folo koloko inamangika mpaka kumapeto. Anaipatsa samu yomwe yankho lake ankalidziwa pamtima, ndipo inakhoza. Kenako anasindikiza mizere yofiira ija, masamba khumi ndi anayi, n'kuiika m'dirowa.

M'mawa mwake abwana ndi dotolo anabwera kudzatenga makiyi. Anapeza ophunzira ali phee pamakompyuta, masamu akuyenda.

"Mwayi chabe," anatero dotolo.

"Mwina," anayankha Mai Pamwamba, akumupatsa mapepala aja. "Tatiwerengerani, adotolo, inu ophunzira kwambiri."

Dotolo anathamangira tsamba lomaliza.

"Pamwamba, adotolo!" Anakuwa ndi ophunzira, onse pamodzi, ena akubisa kuseka.

Anabwerera tsamba loyamba. Mzere woyamba unkatchula foda mmene munali laibulale yatsopano ija, ndipo fodayo inali ndi dzina la mwini wake. Dotolo anawerenga mokweza mpaka pakati, n'kulekera pomwepo. Linali dzina lake lomwe. Analowa Loweruka, nayika laibulaleyo kuti ayesere kafukufuku wake, osauza munthu.

Abwana anatsokomola. "Chabwino, Mai, zatha. Makiyi akhale ndi inu."

"Sizinathe, bwana. Loweruka ine ndinatseka ndekha. Adotolowa analowera pawindo?"

Abwana anayang'ana pansi, poti kiyi wapadera anapereka kwa dotolo ndi iwo omwe. Mai Pamwamba anatambasula dzanja, osalibweza. Dotolo anapisa m'thumba, naika kiyiyo pachikhatho chawo.

Mai Pamwamba anamasula chingwe cha m'khosi, nalowetsapo kiyiyo pamodzi ndi anzake, n'kumanga mfundo ziwiri.

"Laibulale yanu sindinaifufute, adotolo, ilipo. Mukaifuna muzigogoda."